Piyano isamameze mawu a cello

Beethoven, katswiri wopeka nyimbo wa ku Germany, analemba masonata (nyimbo zazitali za zigawo zingapo, zoimba ndi zida zokha) asanu a cello ndi piyano, koma ine mtima wanga uli pa yachitatu, Op. 69 (nambala yake pa mndandanda wa nyimbo zake), imene anaimaliza mu 1808. Kwa amene simunaionepo, cello ndi vayolini wamkulu wa nsambo zinayi, woimba amakhala pampando n'kuiika pakati pa maondo.

Sonatayi imayamba ndi cello yokhayokha, modekha, mpaka kutsikira pa liwu limodzi lakunsi n'kuligwira osalisiya. Pamenepo m'pomwe piyano imalowa, n'kumalizitsa nyimbo pamwamba pa liwu lija. Kuchokera apo ziwirizi zimangopolokozana ngati kwaya yozolowerana.

M'masonata awiri oyamba, Op. 5, sizili choncho kwenikweni. Anawalemba mu 1796 ku Berlin, n'kuwapereka kwa mfumu ya Prussia, Friedrich Wilhelm II, imene nayonso inkaimba cello. Pa piyano pankakhala mwiniwake Beethoven, ali mnyamata, ndipo ntchito yambiri anadzisungira yekha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti oimba ena amaiwala kuti piyano ya masiku ano ndi yamphamvu kuposa ya nthawi ya Beethoven, yomwe inalibe chimango chachitsulo. Woimba piyano akangolemetsa dzanja lamanzere, lomwe limaimba mawu akunsi ngati a cello, cello imamira. Mumangoona uta ukuyenda, mawu osamveka. N'chifukwa chake ndimakonda mmene anajambulira Steven Isserlis pa cello ndi Robert Levin pa piyano ya mtundu wakale: mawu ake sachedwa kuzima, choncho cello imapeza mpata. Rostropovich (pa cello) ndi Richter (pa piyano) nawo ndimawalemekeza, ngakhale kuti iwo njira yawo ndi ina, onse awiri ali ndi mphamvu zofanana ndiye palibe wopondereza mnzake.

Ine ndimamvera usiku kunyumba ku Area 25, maminibasi akasiya kuliza mahutala. Chonde, musamvere pa sipika ya foni. Nsambo yakunsi ya C siituluka n'komwe, mudzangomva piyano basi. Pezani mahedifoni, ngakhale otchipa a mumsika wa Lilongwe.

Mukazolowera Op. 69, pitani pa yomaliza, Op. 102 nambala 2, ya 1815, pamene makutu a Beethoven anali atatsala pang'ono kufa. Mwa zisanuzi, ndi yokhayi imene ili ndi chigawo chathunthu choyenda pang'onopang'ono, chachisoni ndithu. Chikangotha pamabwera fugue yokakala, kutanthauza nyimbo ya mawu othamangitsana, imene imafuna kuti muimvere kangapo musanaigamule.