Paipi ya utsi ndiyo mwini ntchito mu tenti ya alenje

Zatheka tsopano, ndamvetsa chifukwa chake tenti ya alenje a elk ndi moose (nyama zikuluzikulu zamtundu wa mbawala) ku Montana m'dziko la America kapena ku Canada imafunda kunja kukuzizira mpaka madigiri 25 pansi pa ziro, chonsecho khoma lake ndi lona basi. Za kuimika mitengo ndi kukoka zingwe sindinena, mukuzidziwa. Chomwe chimandizunguza mutu chinali paipi ya utsi ya mbaula ya nkhuni yomwe imafunditsa tentiyo.

Mbaula payokha ndi bokosi lachitsulo chabe. Mpweya wotentha wa m'paipi ndi wopepuka kuposa wozizira wa panja, ndiye umakwera, n'kumakoka mpweya wina kudzera pachitseko cha mbaula. Amene anaonapo barani lowotchera fodya ku Kasungu akuidziwa kale nkhaniyi. Paipi ikakhala yaitali, yowongoka ndi yotentha, imakoka kwambiri. Ikazizira, utsi umabwerera mu tenti. N'chifukwa chake amayamba ndi kuyatsa kapepala pakamwa pa paipi asanasonkhe nkhuni.

Pa tenti ya mamita 3.7 kwa 4.3, paipi ya masentimita 10 mpaka 13 m'mimba mwake ndiyokwanira, ndipo nsonga yake idutse msana wa denga, apo ayi mphepo yogunda denga imaupondereza utsi. Pomwe paipi yaboola lona amasokererapo kansalu kopirira kutentha ka fiberglass kopaka silicone. Polumikiza zidutswa, mbali yopanikizidwa, yomwe imalowa m'chidutswa chinzake, iloze pansi. Poyamba zimaoneka ngati mwatembenuza, koma cholinga n'choti phula lakuda lotuluka mu utsi lizitsikira m'kati mpaka m'mbaula, lisamayenderere kunja n'kudonthera pa lona. Phulali limachuluka mukasonkha nkhuni zaziwisi kapena kutseka kwambiri chotsekera cha m'paipi, ndipo kasefa kotchinga nthethe pansonga kamatsekeka msanga. Kagogodeni tsiku lililonse.

Tsono popeza paipi ikutulutsa mpweya, wina ayenera kulowa. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, amamata mipata yonse poopa kuzizira. Moto umafooka, utsi umabwerera, ndipo mpweya wakupha wa carbon monoxide wa mu utsiwo ulibe fungo kapena mtundu. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba mwezi wa June. Kwa ine njira yoposa zonse ndi kugoneka kapaipi kena pansi, kochokera kunja kudzera kunsi kwa khoma mpaka pafupi ndi chitseko cha mbaula. Moto umapeza mpweya wake, mphepo yozizira siyendanso pamisana pa anthu ogona. Ena amati n'kuwonjeza katundu chabe, angotsegula kampata pakhomo. Aziterotu, ine sindikuonapo chofanana nacho. Komabe kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide kasasowe, ndipo chipale chofewa chikaunjikana muzifukula kukamwa kwa kapaipiko.

Chokwiyitsa n'choti ophunzitsa ambiri m'mavidiyo amatha mphindi 20 akusisita mbaula yonyezimira, za paipi n'kungodutsapo. Sanena kuti chitsulo chopaka zinc chimatulutsa utsi wodwalitsa, choncho mbaula ya dramu ndi mapaipi atsopano muyambe mwaziwotcha panja kwa ola lathunthu. Sanenanso za mchenga wa masentimita atatu pansi m'kati mwa dramu kuti lisabooke. Nanga hita ya gasi yopanda paipi? Kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikapsa imatulutsa madzi oposa kilogalamu imodzi ndi theka, onsewo n'kukathera pa lona ndi m'zofunda.

Pomwe ndikadali njakata ndi usiku. Mbaula ya chitsulo chopyapyala siisunga kutentha, moto ukazima tenti imazizira posakhalitsa. Ena amasinthana kudzuka maola awiri kapena atatu alionse kukasonkhezera, ena amauleka uzime n'kudalira chofunda chokhuthala. Mutu ukundiuza kuti achiwiriwa akulondola, koma kudzuka m'mawa nsapato zitauma gwa ndi chisanu, kaya.