Tchalitchi chopanda denga, ng'ombe ndi njerwa za ku Florence

Tchalitchi chathu kuno ku Kapata chatha zaka zisanu chilibe denga. Makoma tinamanga ndife, ineyo ndinagwirako chingwe ndi levulo, koma tinachikulitsa mopitirira nzeru zathu ndi matumba athu omwe. Dzinja likafika timapemphera pansi pa tenti, maso ali kumitambo ya ku Kanjala.

Ndiye tsiku lina mwana wanga wamkazi akuwerenga za mbiri yakale anaseka yekha. "Atate, bwerani muone anzanu." Anandionetsa chithunzi cha tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Florence ku Italy, chotchedwa Santa Maria del Fiore. Anachiyamba mu 1296. Pofika 1418 makoma anali atakwera, koma pamwamba panali chibowo cha mamita oposa 40 m'lifupi, ndipo panalibe mmisiri wodziwa kuchivundikira. Zaka zoposa zana! Ife zisanu zokhazi tayamba kale kunenana m'komiti.

Aliyense amene anamangapo khomo lopindika pamwamba akudziwa kuti umayamba wakhoma chimango cha matabwa, njerwa n'kumatsamira pamenepo mpaka dothi litagwira. Nanga chibowo chotere, kutalikanso kuchoka pansi, matabwa ake ukawatenga kuti? Eni ntchito, amene anali bungwe la amalonda a nsalu zaubweya, anaitanitsa mpikisano. Ntchito inagwera Filippo Brunelleschi, munthu amene anaphunzira zosula golide, osati zomanga. Apa ndinakhala kaye chete, chifukwa ine wosula mphete atabwera pa ntchito yanga kudzandiuza kayalidwe ka njerwa, ndingamulozere msewu wa ku Mwami.

Iye anamanga popanda chimango chija. Denga lake ndi la zigoba ziwiri, china mkati china kunja, ngati miphika iwiri yovundikirana, kuti lisalemere. Njerwa ankaziyala mogoneka, koma pakapita mpata n'kuimikapo ina chilili, mzere wake n'kumakwera mopendekera ngati minga ya nsomba. Zoimirirazo ndizo zinkagwira zinzake kuti zisaterereke dothi lisanaume. Mzere uliwonse ukazungulira n'kukumana, unkadzimanga wokha. Kuyambira 1420 mpaka 1436, njerwa zoposa 4 miliyoni. Ine uvuni wa njerwa 10,000 umandigonetsa panja masiku angapo.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi ng'ombe. Ndinakulira ku Katete, ndikudziwa vuto lotembenuza ng'ombe zili pagoli. Brunelleschi anapanga makina okwezera katundu oyendetsedwa ndi ng'ombe zozungulira pansi, ndipo anaikamo magiya oti ukafuna kutsitsa m'malo mokweza, umangosintha giya, ng'ombe zikupitirira mbali yomweyo. Munthu ameneyo anaziyang'anitsitsa ng'ombe, sanangokhala ndi mapepala.

Mwana wanga akuti nthawi imeneyo amaitcha Renaissance, kutanthauza kubadwanso, chifukwa anthu a ku Italy anabwerera kukafukula nzeru za Aroma ndi Agiriki akale. M'mabuku ake mwadzaza Leonardo da Vinci ndi Michelangelo, ojambula. Zabwino ndithu, koma denga lija linatha onsewo asanabadwe, ndipo kwa ine kubadwansoko kunayambira pa dothi ndi njerwa.

Loweruka lapitali ndinayesa. Amake ana akhala akupempha uvuni wa masikono, ndiye ndinati ndiumange wozungulira, popanda kuunjika mchenga mkati monga timachitira. Mizere inayi yoyamba inamvera. Wachisanu unagwera mkati, n'kundiphwanyira njerwa zisanu ndi imodzi. Amake ana anangoti, "Abambo, a ku Italy aja analinso ndi masikono odikira?" Ndawerenganso malo amene ndinaimika njerwa zija, ndipo ndaona kuti ndinazitalikitsa kwambiri. Dothi latsopano ndaponda kale, lili pansi pa saka kuseri kwa khitchini.