Makalaliki a khothi ndi ndalama za mowa ku England

Mu 1552, nthawi ya mfumu Edward VI, ku England anakhazikitsa lamulo loti munthu asamangotsegula malo ogulitsira mowa mwachisawawa, azikatenga kaye chilolezo kwa majisitileti awiri ndikulonjeza papepala kuti pamalo pakepo sipazichitika juga kapena chipwirikiti, akaphwanya lonjezolo alipira. Majisitileti ajatu anali mabwana olemera a m'deralo, zolembalemba sankazifuna, amangosiyira makalaliki awo.

Nde nkhani inagona apa, makalalikiwo analibe salale. Ankadyera ka ndalama komwe munthu walipira pa pepala lililonse, basi. Ndiye taganizani, pepala limodzi likudutsa m'manja mwa anthu awiri, kalaliki wa majisitileti yemwe walilemba ndi Clerk of the Peace, kalaliki wamkulu wa khothi lomwe linkakhala kanayi pachaka, yemwe amalilandira ndikulisunga, aliyense nkumaona ngati thukuta lenileni ndi lake ndipo gawo lalikulu likuyenera kulowa mthumba mwake. Asakangane bwanji? Ine sindiwada nkomwe, mbuzi imadya pomwe aimangirira, amene analakwitsa ndi omwe anawamangirira pamenepo.

Kuyambira 1729 ziphasozi zimaperekedwa pamsonkhano umodzi pachaka, mu Seputembala, ogulitsa mowa a dera lonse kubwera nthawi imodzi aliyense ndalama ili m'manja, kwa kalaliki imeneyo inali nyengo yokolola eti. Mu 1753 anawonjezeranso kuti Clerk of the Peace azisunga kaundula wa onse opatsidwa ziphaso, ntchito ina pamwamba, chifukwa chinanso chonenera kuti gawo langa likule.

Chomwe chimandiseketsa ine nchoti lamuloli cholinga chake chinali kuchepetsa uchidakwa, koma munthu wogwira cholembera amapindula mabala akachuluka. Mukuganiza akanawauza abwana ake kuti titseke angapo?

Mu 1830 kunabwera lamulo lina lotchedwa Beerhouse Act, aliyense wokhoma msonkho wa nyumba ankatha kungolipira ma guinea (ndalama ya nthawiyo) awiri ku ofesi ya msonkho nkuyamba kugulitsa mowa osaonana ndi majisitileti, malo oposa 24,000 anatsegulidwa chaka chomwecho chisanathe, ndalama zake osadutsa kwa makalaliki. Zoti kalaliki wa majisitileti azilandira salale mokakamiza lamulo zinadzabwera mu 1877, patadutsa zaka zoposa 300 akudyera mapepala.