Sabata yonse ndinali m'banki ya mufilimu

Lolemba ndinafika ku ofesi ku Randburg mochedwa pang'ono chifukwa takisi ya pa Bree inatenga nthawi kudzadza, nde pa msewu wa Jan Smuts magalimoto ali ndii, ndikungolowa chonchi abwana andipatsa filimu ya mphindi 98 kuti pofika Lachisanu 4 koloko ikhale itatha. Kwa amene simukudziwa, ntchito yanga kuno ku Joni ndi yolemba ma subtitle a Chichewa, timawu totuluka pansi pa sikilini tija. Dzina la filimuyi sinditchula, tinasainira kuti tisaulule isanatuluke. Koma nkhani yake mwaionapo kale mma vidiyo sho a ku Ndirande kapena ku Kawale: achifwamba anayi alowa m'banki mumzinda wina wa ku America, zinthu zasokonekera, apolisi azungulira panja, nde agwira anthu onse amene anali mkatimo. Wapolisi woti alankhule nawo banja lake linatha, mwana wake wamkazi sayankha foni, mkulu wa apolisi akungofuna athyole chitseko alowe ndi mfuti. Pali bomba la manambala ofiira, akufuna helikopita pasanathe ola limodzi, ndipo mmodzi mwa ogwidwawo ali kumbali ya akubawo. Ndinamuloza pa mphindi 20 ndipo anali yemweyo.

Tsiku loyamba ndimangoonera kaye yonse osalemba kanthu, kenako nkulemba mndandanda wa mawu ovuta. Loyamba linali la anthu ogwidwawo. Akapolo ayi, sakuwagwiritsa ntchito. Akaidi ayinso, sanalakwe kanthu. Ndinakhazikika pa chikole, chija munthu amasiya kwa wakatapila kuti ndikapanda kubweza mutenge ichi, chifukwa ndi zimene zikuchitikadi, munthu wamoyo wasanduka wailesi kapena njinga yosiyidwa pa ngongole. Ndalama yowombolera ndi dipo, limenelo silinavute, tinaliphunzira ku tchalitchi. Wapolisi wolankhula uja mtima wanga umafuna nkhoswe, poti ntchito yake ndi yomweyo yokhala pansi kumva uku kumva uku mpaka mitima izizire, koma nkhoswe ndi za banja anthu akanaseka, nde ndinaika mkhalapakati.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndi pamene panali ntchito yeniyeni. Malamulo athu ndi akuti mizere isapitirire iwiri, mzere uliwonse zilembo 42, ndipo mawuwo asakhale pa sikilini kupitirira masekondi 7. Tsono Chichewa chathu chimamata zonse mmawu amodzi, mwana wa wapolisi uja akamuuza bambo ake kuti sindidzakukhululukiraninso, mawu amodzi okhawo adya kale zilembo 26. Umadula, umabweza, umadulanso, maso akuwawa, mahedifoni akutentha makutu.

Koma mukudulamo ndi mmene ndinaonera kuti filimuyi ili ndi chinthu chabwino ndithu, ndipo ndikunena mochokera pansi pamtima. Malo onse amene mkhalapakati ali pa foni ndi mtsogoleri wa akubawo anawalemba munthu wodziwa. Wapolisiyo sakuwa, sawopseza, salonjeza chimene sangathe. Amafunsa zazing'ono, mwadya kodi, muli wina wodwala mmenemo, ndikuitaneni ndani. Wakubayo akatukwana iye amangokhala chete, pena masekondi 9 athunthu, ine ndimaona pa kompyuta mzere wa mawu uli fulati, palibe choti ndilembe, koma ndi pamene mtima umagunda kwambiri. Zimenezi sanangopeka. Zitachitika za ku Munich mu 1972, pomwe anthu 11 a timu ya Israel anaphedwa pa masewera a Olympics atagwidwa chikole, apolisi a ku New York anakhazikitsa gulu la akhalapakati mu 1973, ndipo amene anayambitsa ndi Harvey Schlossberg, wapolisi yemwe anaphunziranso za maganizo a anthu, limodzi ndi Frank Bolz. Chiphunzitso chawo chinali chakuti tsekani malowo, musathamange, lankhulani, munthu wokwiya amatopa, amamva njala, amayamba kuganiza. Pamene wapolisi wa mufilimuyi akuuza mkulu wake zoti adikire ndinaika kuti, kuona maso a nkhono n'kudekha, bwana. Zilembo 37, zinakwana bwinobwino.

Ndiye pali nkhani ya iwe ndi inu, imene olemba filimuyo sanaiganizire nkomwe poti chilankhulo chawo sichisiyanitsa. Ife sitingathawe, uyenera kusankha. Ndinapanga kuti wapolisi azimuti inu wakubayo kuyambira foni yoyamba, mwina achimwene, chifukwa munthu wagwira mfuti pamutu pa anthu sungamuti iwe. Wakubayo ndinamusiya pa iwe, iwe wapolisi, iwe usandipusitse. Kenako pa mphindi 70 akufotokoza za mng'ono wake amene wavulala ndipo akutaya magazi pansi pa kauntala, mawu atsika, akupempha dokotala, pamenepo ndinamutembenuza nkunena kuti ndithandizeni. Ndinabweza kanayi kuonera kachigawo kameneko ndi mawu anga pansi ndipo thupi linachita tsembwe.

Mnzanga amene amaunika ntchito yanga ndi bambo wachikulire wa ku Chipata, amaonetsetsa kuti aku Zambia nawonso amve. Anaima pomwepo nati, apa mwasintha dala kapena mwaiwala? Ndinati dala madala, tamverani mawu akewo mmene atsikira. Anavala mahedifoni, kumvera, nkugwedeza mutu, basi kupitiriza.

Lachitatu masana magetsi anazima, jenereta inachedwa kuyaka, ndinataya ma subtitle ngati 40 amene ndinali ndisanasunge. Ndinawalembanso madzulo.

Lachinayi ndi tsiku limene filimuyi inandikwiyitsa. Sikiripiti imene amatipatsa imakhala ndi dzina la wolankhula kumanzere, mawu ake kumanja. Wapolisi ali ndi dzina, mkazi wake wakale ali ndi dzina, ngakhale galu wa mwana wake ali ndi dzina. Koma anthu ogwidwa chikole aja, kupatula manijala wa banki ndi kazitape wa akuba uja, ndi manambala basi, woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo pambali pake alemba kuti akulira, akukuwa, akupemphera. Wachinayi ndi mayi wokolopa, wavala yunifolomu yabuluu, magolovesi achikasu sanavule. Pali masekondi 11 pomwe kamera yamupeza akuvula golovesi imodzi nkugwira dzanja la gogo wina amene akunjenjemera, akumuuza motsitsa kuti pumani pang'onopang'ono, ndili pompano. Ndi mawu okhawo amene amalankhula mufilimu yonse. Pa mphindi 61 amuwombera, cholinga chake kuti ife oonera tidziwe kuti akubawa sakusewera, ndipo kuchokera pamenepo mpaka mathero palibe amene akumutchulanso, olo wapolisi wabwino uja.

Abale zinandipweteka. Achemwali anga amakolopa mmaofesi ku Sandton, amadzuka 4 koloko ku Rosettenville kuti mabwana akamafika apeze pansi pakuwala. Amalawi ambiri amene ndimakumana nawo mu takisi ndi omwewo, okolopa, olima maluwa, olera ana a eni, olondera pageti. Tsiku loti zoterezi zachitika kuno, amene adzakhale atagona pansi pa matailosi ndi anthu amenewa, ndipo aliyense ali ndi ana ku Mangochi kapena ku Mzimba amene akudikira ndalama ya fizi kumapeto a mwezi. Filimu yoti nkhani yake ndi ya anthu ogwidwa ikanatipatsako ngakhale mphindi zitatu zoti tiwadziwe. Ku Stockholm mu 1973 antchito anayi a m'banki anakhala masiku 6 ndi owagwira, onse anatuluka amoyo, ndipo mpaka lero dziko limakambabe zimene zinkachitika mmitima mwa anayiwo. Nkhani yaikulu inali mkatimo, pansi pomwe anakhala. Filimuyi inasiya zimenezo nkumatithamangitsa ndi manambala ofiira a bomba.

Mathero akenso ndi omwe aja. Atatha kutimangira bwinobwino kukambirana kwa ola lathunthu, wakuba wafika poti inu, watsala pang'ono kutulutsa anthu, mwadzidzidzi kazitape uja watulutsa mfuti, apolisi alowa pa denga ndi zingwe, magalasi akusweka, wapolisi wathu amene nthawi yonseyi chida chake chinali pakamwa nayenso watola mfuti. Mphindi 12 zomaliza ndinalembamo ma subtitle osakwana 30, ambiri ake gonani pansi ndi thawani. Kenako wakhala kumbuyo kwa ambulansi atafunda bulangete, mwana wake wabwera akuthamanga. Ntchito inaphweka koma mtima unandiwawa poona zabwino zonse zija zitatayidwa chonchi. Ndikudziwa kuti kwathu anthu adzaikonda, mu vidiyo sho adzaimirira pa mabenchi nthawi ya zingwe ija, ndipo sindikuwanena, kamera ndi mawu a mfuti anazipanga mwaluso. Wina atandifunsa ndingamuuze kuti aonere, makamaka pakati pake.

Lachisanu ndimapanga mtundu wachiwiri wa ma subtitle, wa anthu osamva, umene timalembamo phokoso ndi dzina la amene akulankhula ngati sakuoneka bwino. Nditafika pa masekondi 11 aja nkhope ya mayiyo yatembenukira kumbali, nde lamulo likuti ndilembe wolankhula. Sikiripiti ikuti wogwidwa wachinayi. Ndinapita kwa abwana kukafunsa ngati ndingalembe kuti mayi wokolopa, anati bola zilembo zikwane komanso zifanane paliponse. Madala a ku Chipata aja anati ingolembani Amayi, ndi a wamkulu, kwathu munthu wotero timamuitana choncho. Ndinalemba Amayi, kusunga, nkutumiza fayilo 20 past 3, kenako ndinaimbira achemwali kuti tikumane pa Bree tikwerere limodzi.