Ku York, Kwawo kwa Mayi Judi Dench

Sitima yochokera ku Leeds imafika ku York, kumpoto kwa England, theka la ola lisanakwane, ndiye Loweruka lina nditapuma kuntchito ndinangovala jekete n'kukwera. Alendo ambiri amathamangira ku York Minster, tchalitchi chachikulu chija. Ine ndinkatsata mapazi a mayi Judi Dench, amene ambirife tinawadziwira m'mafilimu a James Bond ali bwana wotchedwa M, mayi wa tsitsi lalifupi la imvi wodzudzula kazitape uja osaphethira n'komwe.

Ukawoloka mtsinje wa Ouse pa mlatho wa Lendal, kumanzere kuli kanjira ka m'mbali mwa madzi komwe anakatcha Dame Judi Dench Walk. Palibe chodabwitsa: mabwato a alendo, atsekwe, ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Chimene chinandiimitsa chili kuseri kwa mpanda, m'munda wa Museum Gardens. Mmenemo muli mabwinja a St Mary's Abbey, nyumba ya amonke yomwe inatsekedwa mu 1539 nthawi ya mfumu Henry VIII. Denga kulibe. Latsala khoma lalitali lokhala ndi mazenera opanda magalasi, ndipo ana amathamangitsana pa kapinga pomwe kale panali mkati mwa tchalitchi.

Kutsogolo kwa khoma limenelo, kuyambira mu 1951, anthu a ku York anadzutsa masewero akale a nkhani za m'Baibulo, ochitidwa pabwalo, ambiri mwa ochitawo ali anthu wamba a mumzindamo. Wokulira m'sewero la Khirisimasi la kumpingo angazimvetse msanga, kungoti kuno nkhani imayambira pa chilengedwe mpaka tsiku lachiweruzo. Mu 1957 mtsikana wa zaka 22, Judi Dench, ndiye anali Mariya. Chaka chomwecho analowa gulu la zisudzo la Old Vic la ku London n'kuyamba ntchito ngati Ophelia mu Hamlet, sewero la Shakespeare.

Sizinangogwa kumwamba. Ndinayenda pang'ono kukafika pa York Theatre Royal, pomwe bambo awo, a Reginald Dench, anali dokotala wa ochita zisudzo. Mayi awo, oleredwa ku Dublin, ankasamala zovala za masewero. Mwana wobadwira m'banja lotere mu 1934 akanathawira kuti? Poyamba iwo ankafuna kukhala wokonza maonekedwe a siteji, osati woimapo.

Chimene chimandiwawa pang'ono n'chakuti dziko lapansi linawazindikira mochedwa. Pomwe ankayamba kukhala M mu 1995 anali ndi zaka 60, atatha zaka pafupifupi 40 pa siteji, ndipo ulemu wa Dame anali ataulandira kale mu 1988. Mphoto ya Oscar inabwera mu 1999 chifukwa cha mphindi pafupifupi 8 zokha zomwe anaonekera ngati Mfumukazi Elizabeth I mu Shakespeare in Love. Ena amati unali mwayi. Ine sindivomera: mphindi zimenezo zinali ndi mphamvu chifukwa cha zaka zonse zija zolankhula mawu a Shakespeare usiku ndi usiku, pamaso pa anthu otsokomola ndi ofika mochedwa.

Mu 2012 anaulula kuti maso akuwavuta, matenda owononga pakati pa diso, moti mawu a sewero amachita kuwawerengera anzawo iwo n'kuloweza ndi khutu. Anapitirizabe kujambula mafilimu.

Tiyi wa pafupi ndi Minster ndi wodula, choncho nyamulani wanu m'fulasiki. Kulowa m'munda muja n'kwaulere. Kwanditsalira ku Stratford-upon-Avon, komwe mu 1976 mayi Dench anachita Lady Macbeth limodzi ndi Ian McKellen m'kanyumba kakang'ono ka zisudzo ka The Other Place. Kumeneko kuchokera ku Leeds n'kosinthasintha sitima, ndiye ndikudikira tchuthi chachitali.