Matepi a VHS ndi zithunzi za mu alubamu: pomwe ntchito yafika

Gawo losankha matepi ndi zithunzi zakale zoti tisunge pa kompyuta latha, tsopano tili mkati mokopera matepi a VHS mu kompyuta. Ambiri ndi a zinkhoswe, maukwati, makwaya ndi miyambo yovundukula ziliza, ojambulidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000. Tepi yokalamba ikhoza kusewera bwino kamodzi kokha, kenaka n'kuduka kapena kudetsa makina, choncho ntchito yambiri imachitika tepiyo isanalowe mu deki, makina osewerera matepi aja.

Kaseti iliyonse timayamba taithyola kachidutswa ka pulasitiki ka m'mbali, kuti wina akadina batani lojambulira mwangozi pasafufutike kanthu. Kenaka timasuzumira pa windo lake. Timadontho toyera ngati ufa pamwamba pa tepi yokulungidwayo ndi chuku, ndipo amapezeka kwambiri pa makaseti amene adutsa nyengo zambiri za mvula ali mu sutikesi kunsi kwa bedi. Tepi yotere isalowe mu deki yabwino: chukuyo amamatira pa ma head, tizida timene timawerenga tepi, chithunzi n'kusanduka timadontho tokhatokha, ndipo amapatsira matepi onse olowa pambuyo pake. Timaziyika padera, n'kuzipukutira pa deki ina yotha ntchito, yovundukula pamwamba, tepi ikudutsa pang'onopang'ono pa kansalu kosasiya ubweya. Izi zichitikire panja, mutavala masiki. Zopanda chuku timaziyendetsa kamodzi mpaka kumapeto n'kuzibweza, kuti mbali zimene zinagwirana zimasuke. Yoduka musailumikize ndi selotepi, chifukwa guluu wake amatuluka m'mbali n'kukapaka pa ma head. Pali tepi yakeyake yolumikizira, ndipo ikasowa ndi bwino kuyika chidutswa chilichonse m'kaseti yake.

Deki ndiye mtima wa ntchito yonseyi, ndipo zatsopano kulibe. Funai ya ku Japan, imene inali kampani yomaliza kupanga makinawa, inasiya mu 2016. Mu deki yakale chimayamba kutha ndi labala: malamba amatanuka, pinch roller, kagudumu kopanikiza tepi kuti iyende, imauma n'kuyamba kuterera, zotsatira zake tepi imatafunidwa m'mphepete. Muziyamba mwaiyesa ndi tepi yopanda ntchito, mukuibweza ndi kuitulutsa kangapo. Poyeretsa ma head, nyowetsani kapepala koyera ndi isopropyl alcohol wa 99 peresenti, kagunditseni pa dramu yozungulira imene pali ma head aja, osasuntha, chala china chikuzunguza dramuyo pang'onopang'ono. Kupukuta chokweza ndi chotsitsa kumathyola ma head, thonje limakodwamo, ndipo sipiriti wofiirira uja amasiya utoto.

Matepi ojambulidwa ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Britain ndi a PAL, dongosolo la vidiyo la m'maiko amenewa, ndiye deki yochokera ku Johannesburg kapena London imawasewera popanda vuto. Otumizidwa ndi abale a ku America ndi a dongosolo lina, la NTSC. Madeki ambiri a PAL amawasewera ndithu, koma amatulutsa signal yosakanikirana imene zida zambiri zokopera zimaonetsa yopanda mitundu. Pamenepo pafunika deki ya NTSC, ndipo kumbukirani kuti ya ku America imafuna magetsi a 120 V pomwe athu ndi 230 V. Popanda thiransifoma ipsa nthawi yomweyo. Vuto lina ndi LP, kujambula tepi ikuyenda pang'onopang'ono kuti itenge nthawi yaitali. Kaseti ya E-180 imatenga maola atatu pa SP, liwiro la nthawi zonse, ndi asanu ndi limodzi pa LP, ndipo ojambula ambiri ankakonda LP pofuna kuti mwambo wonse ukwane pa kaseti imodzi. Timizere ta pa tepi ya LP n'topyapyala, choncho tracking, kulondolera ma head m'timizereto, imavuta; auto ikalephera, sinthani pamanja mpaka mzere wophethira utsike kunsi n'kuzimiririka.

Pamene tataya nthawi yaitali ndi pa kugwedera kwa chithunzi. Tepi siiyenda pa liwiro lofanana ndendende. TV yakale inkalolera zimenezi, koma kachida ka USB kokopera sikalolera: pamwamba pa chithunzi pamapindika, ma frame ena (zithunzi zimene zimatsatizana kupanga vidiyo) amatayika, ndipo pofika ola lachiwiri mawu a m'busa sagwirizananso ndi milomo yake. Mankhwala ake ndi TBC, chida chowongola nthawi ya mzere uliwonse wa chithunzi. Zenizeni n'zodula, koma DVD recorder ya Panasonic DMR-ES10 kapena ES15 imagwira mbali yaikulu ya ntchitoyi mukangoidutsitsa pakati: chingwe kuchoka ku deki kulowa mu Panasonic, china kuchoka mu Panasonic kulowa mu kachida kokopera, popanda chimbale cha DVD mkati. Apa kupindika kwatha. Pomwe pali bowo la S-Video gwiritsani ntchito limenelo, chifukwa limalekanitsa kuwala ndi mitundu, pomwe chingwe chachikasu chija chimaziphatikiza. Tizida totchipa topanda dzina lodziwika timasiyana mkati ngakhale kunja tikufanana. I-O Data GV-USB2 ndi Hauppauge USB-Live2 n'zodalirika.

Tikukopera ndi pulogalamu ya VirtualDub pa 720x576 pixels, ma frame 25 pa sekondi, mawu pa 48 kHz, ndi codec (njira yofinyira vidiyo) ya Huffyuv kapena Lagarith imene siitaya kanthu. Ola limodzi limadya pafupifupi 30 GB, kutanthauza kuti kaseti yodzaza ya E-180 imafika cha pa 90 GB. N'zambiri, koma fayilo imeneyi ndiyo idzalowe m'malo mwa tepi ikadzatha, ndipo chimene mwataya pokopera simungachibweze pa kompyuta. Pa nthawiyi musakonze mitundu, musadule m'mbali, musakulitse. Kompyuta isamachite china chilichonse, ndipo deki ndi kompyuta zonse zikhale pa UPS, batire losunga magetsi, poti magetsi akathima tepi imatsala itakulungika pa dramu ndipo fayilo ikhoza kuwonongeka.

Yogawira abale imapangidwa pambuyo pake ndi pulogalamu ya HandBrake, ya MP4 ndi H.264. Vidiyo ya VHS ndi interlaced, frame iliyonse ili ndi magawo awiri ojambulidwa pa nthawi zosiyana, n'chifukwa chake pa foni manja a ovina amaoneka ndi timizere topingasa. Pochotsa timizereto, mu HandBrake sankhani Bwdif pa Bob, liwiro likhale ma frame 50 pa sekondi, kuyenda konse kusalala. Chithunzi chikhalebe 4:3. Kuchitambasula kuti chidzaze TV ya masiku ano kumafufumitsa nkhope za anthu, ndipo ife sitikuvomereza ngakhale eni tepi atapempha.

Ma MiniDV, makaseti ang'onoang'ono a m'makamera, sanavute. Ndi a digito kale, amangofuna kamera, chingwe cha FireWire ndi pulogalamu ya WinDV, ola limodzi n'kukhala 13 GB.

Zithunzi tayamba ndi za mu alubamu zomata zija, zokhala ndi pulasitiki pamwamba, chifukwa guluu wake amasanduka wachikasu n'kugwira chithunzi zolimba. Kuchikoka ndi zala kumachipinda kapena kung'amba kumbuyo. Ulusi wa dental floss wolowetsedwa pansi pa ngodya n'kumaucheketsa pang'onopang'ono umachimatula chosapindika. Chimene chamatirira pa galasi la felemu musachimatule konse, sikanani ndi galasi lomwelo. Chithunzi cha 10x15 cm tikuchisikana pa 600 dpi (timadontho pa inchi imodzi), chimatuluka cha pa 2400x3600 pixels, pafupifupi 26 MB chikasungidwa ngati TIFF. Tating'ono ta pa chiphaso timafuna 1200 dpi. Zokonza zokha za mu pulogalamu ya sikana tazithimitsa, makamaka sharpening, imene imakokomeza timabowo ta pa mapepala okhakhala a ku situdiyo. Zithunzi zambiri za m'ma 1970 ndi 1980 zafiira chifukwa utoto wina unasuluka msanga kuposa unzake; izi zimakonzedwa pa kope, yoyambayo n'kuisiya momwe ilili. Kumbuyo nakonso tikusikana, poti kumakhala deti, chidindo cha situdiyo kapena uthenga wolembedwa pamanja.

Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi, malo ndi mwambo, mwachitsanzo 1997-08_Dedza_chinkhoswe_01, kuti kompyuta izizindandalika yokha. Zonse zili pa ma hard drive awiri, imodzi ikusungidwa ku nyumba ina, ndipo ma MP4 ndi ma JPEG ali pa intaneti. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi fayilo imafinyidwa. Matepi ndi zithunzi zenizenizo sitikutaya. Makaseti tawabweza poyambira n'kuwaimika chilili m'kabati mouma, kutali ndi masipika chifukwa cha maginito ake.

Chotsatira ndi manegativu a 35 mm, amene tidzasikane pa 3200 dpi ndi sikana ya Epson V600. Digital ICE ya makinawa imachotsa fumbi pa filimu ya mitundu, koma pa yakuda ndi yoyera imasokonezeka ndi siliva wa mu filimuyo, ndiye pamenepo idzathimitsidwa. Pa nthawi yomweyo zithunzi zosikana kale zizipita kwa agogo ndi azakhali m'magulu a makumi awiri, kuti atchule mayina a anthu ndi midzi, ife tizilemba m'mafayilo.