Zikomo inu amene munandikhulupirira Mulungu pamene ine ndinataya mtima

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndachira. Lachiwiri la sabata yatha, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, Mulungu watipatsa mwana wamkazi patatha zaka 11 tili m'banja. Dzulo mchombo wagwa, tatuluka m'chikuta, ndiye ndati ndilembe mawu awa asanandizizirire mumtima.

Koma ndiyambe ndi kuulula. Ambiri mwandiyamikira kuti ndinapirira ndi chikhulupiriro. Ayi, si choncho. Nditapita padera kachitatu, ndinasiya kupempha mwana. Kutchalitchi ndinkapita, kwaya ndinkaimba, koma likafika pemphero la osabala ndinkangotsinzina kuti anthu asandione maso.

Tsiku lina abusa analalikira pa Numeri 13 ndi 14. Azondi 12 anayenda m'dziko la Kanani masiku 40, nabwerako ndi tsango la mphesa lochita kunyamula anthu awiri pamtengo. Zipatso anaziona ndi maso, koma khumi anati tikayerekeza ndi anthu a kumeneko ndife ziwala chabe. Mapeto ake onse a zaka 20 kupita m'mwamba anathera m'chipululu, kupatula Yoswa ndi Kalebe. Abusa atawerenga Ahebri 3:19, pamene akuti sanathe kulowa chifukwa cha kusakhulupirira, ndinamva ngati andiloza chala. Ndinafika kunyumba osaphika. Ndinali chiwala ine, ndipo ndinkadziwa.

Ngakhale nditaima, mantha sanandichoke. Ndinakhala ngati Zakariya, uja anafunsa mngelo Gabrieli kuti adzadziwa bwanji popeza iye ndi Elizabeti anali okalamba. Lonjezo silinabwerere, Yohane anabadwa ndithu, koma mkulu uja anakhala wosalankhula mpaka tsiku lotchula dzina. Inenso miyezi isanu ndi inayi yonse pakamwa panga panali potseka. Sindinagule thewera ngakhale limodzi. Kusikelo ndinkapita ngati wopita kukamva chigamulo. Chimwemwe chimene Mulungu anandiikira m'miyezi imeneyo ndinachiphonya ndekha, ndipo zimandiwawabe. Pemphero lokhalo lomwe ndinkakwanitsa linali la bambo uja wa pa Marko 9:24: ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga.

Nanga ndafika bwanji pano? Ndinachita kunyamulidwa. Ku Kapernao anthu anayi anasasula denga natsitsa mnzawo wofa ziwalo pamphasa yake, ndipo Marko 2:5 akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Chawo, cha onyamulawo.

Choncho zikomo amayi a Mvano. Lachinayi lililonse munkatchula dzina langa, ngakhale masiku amene ndinkakuzembani. Zikomo amayi busa, munkabwera madzulo n'kungokhala nane pakhonde osandilalikira. Apongozi anga, achibale ena atayamba kunong'ona kuti mwana wanu akwatire wina, munawayankha pamaso panga kuti uyu ndi mwana wanga, za ana mwini wake ndi Mulungu. Mawu amenewo sindidzawaiwala mpaka kumanda. Zikomo azamba ndi anamwino amene munachezera nane usiku wonse. Achemwali anga, mwagona pansi m'chipatala masiku anayi, mukuphika phala pa mbaula kunja kukuzizira.

Bambo a mwanayu, inu ndiye ndisowa ponena. Munali Kalebe m'nyumba mwathu. Ine ndikamati basi zatha, inu munkagwada nokha kuchipinda, ndipo ndinkakumvani.

Pali gogo wina wa mumpingo mwathu amene zaka zitatu zapitazo anandipatsa kachipewa ndi timasokosi toluka ndi ulusi wachikasu, nati, “Sunga mwanawe, mwini wake akubwera.” Ndinalandira ndi manja awiri, koma mumtima ndinakwiya, ndipo ndinakatiponya pansi pa sutikesi. Agogo, ndapempha achemwali atitulutse n'kutichapa. Kachipewa kaja kamukulira pang'ono, tachita kukapinda. Lamulungu lino tikubwera naye kuti mudzamunyamule atavala.